Amoniya Akakwera M'thanki ya Nsomba: Zoyenera Kuchita Lero ndi Masabata Akubwerawa

Mukaona nsomba za m'thanki yanu zaunjikana pamwamba pa madzi, zikupuma mwawefuwefu, zipsepse zitamata pathupi, chakudya osachiyang'ana n'komwe, chinthu choyamba kuchikayikira ndi amoniya. Musanyengeke ndi maonekedwe a madzi. Akhoza kukhala oyera mbee, koma nsomba zikupsa makha.

Amoniya ndi uja amaboola mphuno mukalowa m'khola la nkhuku limene latha masiku osasesedwa. M'thanki simungamununkhize kapena kumuona, chifukwa mlingo wokwanira kupha nsomba ndi wochepa kwambiri. Nsomba yamoyo imamutulutsa usana ndi usiku, makamaka kudzera m'makha, ziwalo zofiira zija za m'mbali mwa mutu zimene imapumira. Wina amachokera ku ndowe, ku chakudya chotsala ndi ku chilichonse chimene chikuola pansi. Kunyanja zimenezi si nkhani poti madzi ndi ochuluka. M'thanki ya malita 50 amoniya alibe kopita, pokhapokha mutakhala mabakiteriya omudya. Choncho ntchito imene muli nayo ili pawiri: kupulumutsa nsomba lero lomwe, komanso kusamala mabakiteriyawo mpaka atachuluka n'kukulandirani ntchitoyo.

1. Yezani madzi

Zoyezera zamadontho n'zodalirika kuposa timapepala toviika m'madzi. Ngati muli ndi za kampani ya API, zimene oweta nsomba ambiri amagwiritsa ntchito, thirani 5 ml ya madzi a m'thanki m'kabotolo kagalasi, donthezani madontho 8 a botolo loyamba ndi 8 a botolo lachiwiri, tsekani, khutchumulani, n'kudikira mphindi 5. Madzi akakhala achikasu ndiye kuti amoniya ali pa 0. Akayamba kubiriwira, alipo, ndipo akamabiriwira kwambiri ndiye kuti ndi wochuluka. Fanizirani mtunduwo ndi khadi yake pawindo, pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa babu la m'nyumba limasocheretsa maso.

M'thanki yokhazikika mlingo woyenera ndi 0 basi. Pa 0.25 ppm (ppm ndi mamiligalamu a amoniya pa lita imodzi ya madzi) khalani tcheru. Pa 0.5 chitanipo kanthu lero. Kuyambira 1 kupita m'mwamba, siyani zina zonse zimene mumachita.

Yezaninso pH, nambala yosonyeza asidi wa m'madzi (ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka), ndipo apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ambiri amapaphonya. Choyezera chimakuuzani amoniya yense pamodzi, koma m'madzi iye amakhala wa mitundu iwiri. Wina ndi NH3, wakupha uja, amene amalowa m'makha mosavuta. Wina ndi ammonium, NH4+, amene savulaza kwenikweni. Chimene chimagawa mitundu iwiriyi ndi pH ndi kutentha kwa madzi. Pa madigiri 25, pH ili pa 7, wakuphayo safika ngakhale gawo limodzi pa 100. Pa pH 8 amakhala pafupifupi magawo 5 pa 100, ndipo pa 8.5 amafika cha pa 15. Ndiye kuti pH ikakwera ndi nambala imodzi yokha, poizoni amachuluka pafupifupi kakhumi, ngakhale mtundu wa m'kabotolo uli womwewo.

Amene mukuweta mbuna, nsomba zokongola zija za m'miyala ya Nyanja ya Malawi zimene mpaka ku Ulaya ndi ku America akuzisunga m'mathanki, nkhaniyi ndi yanu kwambiri. Mbuna zimafuna madzi a pH pafupifupi 8, ofanana ndi a kunyanja kwawo, ndipo oweta ambiri amaziika zochuluka dala m'thanki imodzi kuti ndewu zawo zisagwere nsomba imodzi. Nsomba zambiri, pH yokwera. Mlingo wa 0.5 umene mnzanu woweta tinsomba ta guppy m'madzi a pH 7 angauyembekeze mpaka madzulo, kwa inu ndi ngozi ya pompopompo. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala zimaipiraipira, chifukwa madzi ofunda amawonjezera NH3 kwinaku akusunga okosijeni wochepa.

Kwathu kuno zoyezerazi sizipezeka m'sitolo iliyonse. Ngati muli ndi m'bale amene akubwera kuchokera ku Johannesburg, mutumeni, koma musadikire kuti afike. Zizindikiro zikaoneka, pitirirani ku masitepe otsatirawa ngakhale mulibe choyezera. Kusintha madzi mosamala sikupha nsomba. Kudikira n'kumene kumapha.

2. Lekani kudyetsa

Chakudya chilichonse cholowa m'thanki chimathera ku amoniya, kaya chadyedwa kaya chaola. Lekani masiku awiri kapena atatu. Nsomba zikuluzikulu sizifa ndi njala ya masiku atatu, ngakhale zizikutsatirani pagalasi mochititsa chisoni. Auzeninso ana ndi ena onse a pakhomo, ndipo botolo la chakudya mulibise ndithu, chifukwa m'nyumba zambiri nsomba zimadyetsedwa ndi aliyense wodutsa.

3. Funani chimene chikuola

Werengani nsomba zanu. Ikaperewera imodzi, nyamulani miyala ndi zokongoletsera zonse mpaka muipeze. Mbuna yodwala imakabisala m'phanga n'kufera momwemo, ndipo m'madzi ofunda imayamba kusungunuka tsiku limodzi lisanathe. Nkhono yakufa nayonso imaipitsa madzi kuposa kukula kwake. Chotsani masamba ofota, ndipo yang'anani kuseri kwa miyala kumene chakudya chimakonda kuunjikana n'kuchita nkhungu yoyera.

4. Sinthani theka la madzi

Palibe mankhwala ofulumira kuposa awa. Mukachotsa theka la madzi n'kuthira abwino, amoniya amatsika ndi theka. Akakhala pa 2 ppm afika pa 1. Mukabwerezanso patatha maola angapo afika pa 0.5, kenako 0.25. Ndiye ngati mlingo unali wokwera kwambiri, konzekerani kusintha kawiri kapena katatu, osati kamodzi n'kukagona.

Muyenera kudziwa kukula kwa thanki yanu. Yezani utali, mulifupi ndi msinkhu wa madzi m'masentimita, chulukitsani manambala atatuwo, n'kugawa ndi 1000. Thanki ya 60 kwa 30 kwa 30 ndi malita 54, ndiye theka lake ndi chidebe chimodzi cha malita 20 ndi kena pang'ono.

Chidebe chikhale cha nsomba zokha. Chimene munachapiramo zovala kapena kukolopera chili ndi sopo wokwanira kuvulaza makha amene apsa kale. Manja anu muwatsuke ndi madzi okha mpaka m'zigongono, kuti mafuta odzola asalowe m'thanki. Zimitsani hita yotenthetsa madzi ndi fyuluta yosefa madzi pa soketi musanayambe, chifukwa hita yagalasi ikakhala pamtunda ili yoyaka imasweka. Nsomba zisiyeni momwemo, kuzithamangitsa ndi kaukonde n'kuziwonjezera mavuto. Kokani madzi ndi kapaipi, mukuyendetsa kukamwa kwake pamwamba pa timiyala tapansi kuti zinyalala zizituluka limodzi. Musavundule timiyala tonse tsiku limodzi.

Tsono madzi othiramo ndiwo ofunika kusamala. A pampopi amakhala ndi klorini, amene amapsereza makha n'kuphanso mabakiteriya omwe mukufuna kuwasunga. N'chimodzimodzi madzi amene mwathira WaterGuard kuti akhale akumwa. Thirani mankhwala ochotsa klorini m'chidebe madzi asanalowe m'thanki. Ngati mulibe, madzi okhala pachidebe chosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri amataya klorini wamba, makamaka mukamawavundula kapena kuwapopera mpweya. Koma m'mizinda ina, monga madera ena a ku South Africa ndi ku Britain, madzi amathiridwa chloramine, amene ndi klorini wolumikizana ndi amoniya. Ameneyu sauluka ngakhale mudikire, ndipo mukamuswa ndi mankhwala amasiya amoniya pang'ono m'madzimo. N'chifukwa chake ndi bwino kuyezako madzi a pampopi anu kamodzi kuti mudziwe chimene mukuthira. Madzi a pamjigo kapena pachitsime alibe klorini, koma ngati chitsime chayandikana ndi chimbudzi, khola kapena munda wothira feteleza, akhoza kubwera ndi amoniya wawowawo. Madzi a mvula ine sindiwalimbikitsa, chifukwa alibe mchere wa m'nthaka wogwira pH kuti isagwe, komanso amakokolola zonse za padenga.

Madzi atsopano afanane kutentha ndi a m'thanki, asasiyane kupitirira digiri imodzi kapena awiri. Ikani mbale yadothi pansi pa thanki n'kumathira pambalepo pang'onopang'ono kuti timiyala tisabalalike.

Pali thanki imodzi imene lamulo la thekali siligwira. Ndi ija yatha miyezi yambiri osasinthidwa madzi, mwini wake akungowonjezera akaphwa. M'thanki yotere pH imakhala itagwa, mwina mpaka pa 6 kapena kutsikirapo, mabakiteriya atafooka, amoniya ataunjikana koma ali mu mtundu wosavulaza uja. Mukathiramo madzi ambiri atsopano a pH yokwera, amoniya wotsalayo amasanduka NH3 nthawi yomweyo, nsomba n'kufa patangopita maola ochepa mutazichitira zabwino. Mukapeza pH ili pansi pa 6.5 ndipo madzi anu a pampopi ali pamwamba pa 7, muzisintha magawo 10 kapena 15 pa 100 tsiku lililonse, pamodzi ndi mankhwala amene ndikutchula pansipa, mpaka pH ya mbali ziwirizi itayandikana.

5. Mangani amoniya wotsala, wonjezerani mpweya

Mankhwala ena ochotsa klorini amapangidwa kuti azimanganso amoniya kwa kanthawi. Wodziwika kwambiri ndi Seachem Prime, amene mlingo wake ndi 5 ml pa malita 200, ndipo opanga ake amati mphamvu yake pa amoniya imatha pakati pa maola 24 ndi 48. Pa nthawi ya vuto werengerani madzi a thanki yonse, osati a m'chidebe okha. Mukayeza mutathira, kabotolo kabiriwirabe, chifukwa amoniya sanachoke, wangomangidwa. Musachite mantha n'kumangowonjezera mankhwala, komanso musaone ngati nkhani yatha. Mankhwalawa amangokupatsani mpata wofika mawa, salowa m'malo mwa chidebe.

Palinso timiyala toyera totchedwa zeolite, timene timayamwa amoniya mukatiika m'kathumba mkati mwa fyuluta. Timathandiza masiku ovutawa, koma mchere ukalowa m'madzi tikhoza kulavula amoniya amene tinamwa. Mukumbukire zimenezi tikafika pa nkhani ya mchere.

Makha opsa sakoka bwino mpweya, ndiye nsomba zithandizeni. Kwezani potulukira madzi a fyuluta kuti pamwamba pazichita mafunde, ndipo ngati muli ndi kapampu ka mpweya kayatseni usiku wonse. Mankhwala otsitsa pH asiyeni, ngakhale mwamva kuti pH yotsika imachepetsa poizoni. Kugwetsa pH mwadzidzidzi kumadwalitsa nsomba zimene zafooka kale, ndipo kwa mbuna ndiye n'koipa zedi.

6. Fyuluta musaichape

Apa m'pamene anthu aukhondo amaphera nsomba zawo. Munthu akaona nsomba zikudwala, nzeru yoyamba imamuuza kuti achape zonse. Amatulutsa nsomba, kukhuthula madzi, kutsuka timiyala pampopi mpaka titayera, siponji ya m'fyuluta n'kuifinya mpaka itaoneka ngati yatsopano. Pakatha masiku atatu amoniya amakhala atakwera kuposa poyamba.

Utoto wa khofi uja umene umamata siponji, woterera mukaugwira, ndiwo mudzi wa mabakiteriya. Gulu lina, monga Nitrosomonas, limadya amoniya n'kumusandutsa nitrite. Gulu lachiwiri, makamaka Nitrospira, limadya nitrite n'kumusandutsa nitrate, amene savuta kwenikweni akakhala wochepa. Mabakiteriyawa ambiri sayandama m'madzi, amamatirira pa siponji, pa timiyala ndi pagalasi, n'chifukwa chake kusintha madzi sikuwachotsa koma kuchapa fyuluta kumawatha. Amafuna madzi oyenda okhala ndi okosijeni, ndipo amaswana pang'onopang'ono poyerekeza ndi mabakiteriya ena. M'thanki yatsopano zimatenga masabata 4 mpaka 6 kuti akwane. Amene wagula thanki Loweruka n'kuidzaza nsomba Lamlungu amakumana ndi amoniya sabata yoyamba yomweyo, ngakhale fyuluta yake ikhale yodula chotani.

Ngati thanki yanu ndi yakale koma amoniya watulukira mwadzidzidzi, dzifunseni chimene chasintha masiku apitawa. Kodi siponji inatsukidwa pampopi kapena inasinthidwa ndi yatsopano? Kodi munathira mankhwala ochiza nsomba? Methylene blue ndi maantibayotiki ambiri amapha mabakiteriya a m'fyuluta, n'chifukwa chake nsomba yodwala ndi bwino kuichizira m'chotengera china. Kodi mwawonjezera nsomba zambiri nthawi imodzi? Kodi magetsi anathima nthawi yaitali?

Fyuluta ikatsekeka moti madzi akungodontha, tungani madzi a m'thanki momwemo m'beseni, finyiranimo siponji kawiri kapena katatu, n'kuibwezera ikadali yakuda. Cholinga n'choti madzi azidutsa, osati siponji iyere. Ngati muli masiponji awiri, finyani imodzi lero, inayo patapita masabata awiri.

Njira yachidule yochulukitsira mabakiteriya ndiyo kupempha kwa mnzanu amene thanki yake yakhala zaka ili bwino ndipo nsomba zake sizikudwala. Akudulireni chidutswa cha siponji yake yakuda, kapena akupatseni timiyala todzaza manja awiri. Nyamulani m'jumbo muli madzi pang'ono a m'thanki yake ndi mpweya wambiri, zisaume komanso zisakhale padzuwa, ndipo mukafika kunyumba ikani m'fyuluta yanu tsiku lomwelo. Mabakiteriya a m'mabotolo, monga Tetra SafeStart kapena Seachem Stability, amagulitsidwanso, koma botolo lokhalitsa pashelefu yotentha ine ndimalikayikira. Siponji yamoyo ya mnzanu ndiyo ndingasankhe.

Za magetsi tisazilambalale, poti ku Malawi, ku Zambia ngakhale ku Zimbabwe kuthima kwa maola ambiri si chachilendo. Fyuluta ikaima, makamaka ija yotsekeka ngati chigubu, okosijeni wa mkati amatha ndipo mabakiteriya amayamba kufa. Magetsi akabwera, pampu imalavulira madzi ovundawo m'thanki. Choncho akathima ndipo mukuona kuti achedwa, zulani pulagi, tsegulani fyuluta, siponji muiike m'thanki momwe kapena m'beseni losaya la madzi a m'thanki. Tsiku limenelo musadyetse. Nthawi ndi nthawi tungani madzi ndi jagi n'kuwathira kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Musanayatsenso, tayani madzi amene anatsalira m'fyuluta, ndipo akamanunkha ngati dzira lovunda tsukuluzani zonse ndi madzi a m'thanki. Chida chimene chimapulumutsa kwambiri ndi kapampu ka mpweya ka USB kolumikiza ku power bank ya foni. Mukakalumikiza ku fyuluta yasiponji yoyendera mpweya, nsomba zimapuma ndipo mabakiteriya amapitiriza ntchito ngakhale nyumba yonse ili mumdima.

7. Masabata otsatira

Muziyeza tsiku lililonse pa nthawi yofanana, n'kumalemba manambala pakapepala komata pambali pa thanki. Amoniya akafika pa 0.5, kapena pa 0.25 ngati ndi thanki ya pH yokwera, sinthani madzi magawo 30 mpaka 50 pa 100. Ena amati kusintha madzi kumachedwetsa mabakiteriya powalanda chakudya. Muli nsomba zamoyo m'thankimo, chakudya cha mabakiteriya sichingasowe, ndiye sinthani osaopa.

Yambaninso kudyetsa pang'ono, kamodzi pa masiku awiri, chakudya choti chithe mphindi imodzi kapena ziwiri. Chikafika pansi n'kukhala, mwachulutsa.

Amoniya akayamba kutsika yekha musafulumire kusangalala, chifukwa nitrite ndiye amakwera tsopano, gulu lachiwiri lija lisanachuluke. Nitrite amalowa m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula okosijeni, moti makha amaoneka oderako m'malo mofiira ndipo nsomba zimabanika ngakhale mpweya uli wambiri. Mankhwala ake ndi omwewo, chidebe ndi chakudya chochepa. Mchere pang'ono umathandizanso, supuni yaing'ono imodzi pa malita 20, wosungunula kaye m'kapu, chifukwa umatchinga nitrite kuti asalowe kwambiri m'makha. Chotsani zeolite musanathire. Mchere suuluka, ndiye posintha madzi muziwonjezera wa madzi amene mwachotsa okha.

Thanki yakhazikika pamene amoniya ali pa 0, nitrite ali pa 0, nitrate akuoneka, ndipo zakhala choncho sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo kusintha magawo 25 kapena 30 pa 100 sabata iliyonse kumakwanira kusunga nitrate pansi pa 40 ppm. Zomera zimathandizako, poti zimamwa ammonium mwachindunji. Mbuna ndi goldfish zimadya ndi kuzula zomera za m'madzi, koma nthambi ya duwa loyanga lija la m'nyumba lotchedwa pothos imachita bwino mukaviika tsinde lokha, masamba ali kunja. Namasupuni amamwanso amoniya kwambiri, koma ndi udzu uja wavutitsa mumtsinje wa Shire, musamubweretse pakhomo kuti mawa akathere mu ngalande.

Zikapitirira masabata 6 amoniya akungobwerabe, yezaninso pH, chifukwa ikatsika pansi pa 6.5 mabakiteriya amachita ulesi ndipo cha pa 6 amatsala pang'ono kuimiratu. Kathumba ka zigoba za nkhono zoswaswa, zotsuka bwino, kakakhala m'fyuluta kamaikweza pang'onopang'ono. Ngati pH ili bwino, vomerezani kuti nsomba zachuluka kuposa thanki ndi fyuluta yanu. Goldfish ziwiri m'kabakuli kagalasi kopanda fyuluta sizidzapeza mtendere, muthire mankhwala otani. Wonjezerani fyuluta yachiwiri, pezani thanki yokulirapo, kapena gawirani anzanu nsomba zina, koma osakazitaya mumtsinje, m'damu kapena kunyanja, kumene nsomba zachilendo zikhoza kusokoneza za komweko. Ndipo mukadzafuna kuwonjezera zatsopano, dikirani masabata awiri manambala ali pa 0, muike ziwiri kapena zitatu zokha, muyeze madzi masiku otsatirawo, kenako mudikirenso masabata ena awiri musanaike zina.